Ngongole ya K300,000 ya a zisudzo, tiithetse tisanagawane

Mlembi: Moni nonse. A Pampando andituma ndiike nkhaniyi pano kuti Lachiwiri tisakathe dzuwa lonse tikukangana, poti kugawana ndalama za banki mkhonde yathu kwatsala masabata atatu. M'buku muli izi: membala nambala 9 anatenga ngongole ya K300,000 kumayambiriro kwa Okutobala, ya sewero lija la mu holo pa boma pa Mangochi. Chiwongoladzanja chathu ndi 20 pa 100 pamwezi, ndiye inayenera kubwera K360,000. Inabwera K210,000. Yotsala K150,000 yagona mwezi wina, yabala K30,000. Panopa ikufunika K180,000, chindapusa cha kuchedwa K5,000 padera.

Nambala 9: Zikomo a Mlembi. Masamuwo sindikuwakana, koma ngongoleyi si yanga ndekha. Aliyense anamva kuti ndalamayo ndi ya gulu la zisudzo. Dzina langa linalowa m'buku chifukwa malamulo athu salola kubwereketsa gulu la kunja. Muno a zisudzo tilimo anayi: ine, nambala 4, nambala 14 ndi nambala 17. Bwanji ikakamire ine?

Wosunga bokosi: Amayi, bokosi silidziwa gulu la zisudzo. Limadziwa kabuku komwe kali ndi siginecha. Tikayamba kunena kuti ndalama ndinatengera uje, mawa wa geni ya usipa adzati anatengera mlamu wake wa ku Makawa, tikafunse kumeneko.

Nambala 14: Ine ndimangosewera. Tsiku lobwereka sindinafunsidwe, ndipo ndalamayo sindinaigwire ngakhale K50.

Pampando: Tisathamangire woti alipire. Nambala 4, inu ndinu munkagula zinthu, tiuzeni mmene K300,000 inayendera.

Nambala 4: Chabwino a Pampando. Holo K60,000, kuyambira 12 koloko mpaka 8 koloko usiku. Masipika awiri, maikolofoni atatu ndi mnyamata woziyendetsa K70,000. Jenereta yobwereka K25,000, petulo wake K20,000, chifukwa simungadalire magetsi pa sewero la anthu olipira, akazima pakati pa sewero anthu amafuna ndalama zawo. Nsalu ya katani, zitenje za osewera ndi telala K48,000. Mapositala ndi matikiti K22,000. Wolengeza wa njinga yamoto masiku awiri, kuzungulira msika, ku Mpondasi ndi kutsidya kwa mlatho, K20,000. Chakudya cha osewera 14 masiku awiri omaliza oyeserera K20,000. Alonda awiri a pakhomo K15,000. Palibe wosewera analandira kalikonse, onse ndi odzipereka. Malisiti alipo kupatula a wolengeza ndi alonda.

Wowerengera ndalama woyamba: Zikukwana K300,000, ndawonkhetsa kawiri. Vuto langa lili pa khomo. Munadinda matikiti angati, a mtengo wanji?

Nambala 4: A akuluakulu 200 pa K1,500, a ana 100 pa K500.

Wowerengera ndalama woyamba: Ndiye tamvani nonse. 200 kuchulukitsa K1,500 ndi K300,000. A ana onse ndi K50,000. Pamodzi K350,000. Ngongole ndi chiwongoladzanja chake ndi K360,000. Kutanthauza kuti ngakhale tikiti iliyonse ikanagulidwa, popanda wolowa ulele ngakhale mmodzi, ndalamayo sikanakwana. Ngongoleyi inali yakugwa tsiku lomwe tinaivomereza. Mu holomo mumalowa mabenchi 40, anthu 6 pa benchi, ndiwo anthu 240 okhala pansi. Kuti K360,000 ikwane pa K1,500 pamafunika akuluakulu 240 ndendende, holo yodzaza popanda mwana ndi mmodzi yemwe. Sewero la kuno mwana amasowa?

Nambala 21: Eee! Ndiye bwanji simunanene tsiku lomwelo, achimwene?

Wowerengera ndalama woyamba: Palibe anatiwonetsa pepala la ndalama zolowa ndi zotuluka. Tinangomva kuti anthu adzadzaza, tonse n'kuwomba m'manja. Wa geni ya tomato timamufunsa kuti dengu ukugula zingati ndipo utulutsa zingati. A zisudzo sitinawafunse.

Nambala 6: Pali chinanso chomwe komiti ikuchilambalala. Sheya yathu ndi K2,000. Nambala 9 tsiku limenelo anali ndi masheya 45, yomwe ndi K90,000. Lamulo likuti munthu abwereke kosapitirira katatu ka zomwe wasunga, ndiye malire awo anali K270,000. K30,000 yapamwambayo inatuluka bwanji m'bokosi la maloko atatu, osunga makiyi atatu onse ali pomwepo? Lamulo la katatu si lathu tokha, magulu ambiri ophunzitsidwa njira ya banki mkhonde amayendera lomwelo, ndipo cholinga chake n'choti wina akalephera, masheya ake akwirire mbali yaikulu ya dzenje.

Mlembi: Anafunsidwa anthu, panalibe wokana. Koma m'buku la zokambirana simunalembedwe kuti lamulo laimitsidwa, zimenezo n'zoona.

Wowerengera ndalama wachiwiri: Tibwerere pa khomo paja, sindinamalize kumvetsa. Zotsalira za matikiti zomwe ndinapatsidwa zikuonetsa kuti a akuluakulu anagulidwa 128, ndiyo K192,000. A ana 64, ndiyo K32,000. Pamodzi K224,000. Ku bokosi kunafika K210,000. K14,000 ili kuti? Chachiwiri, pa matikiti 200 mukachotsa 128 ayenera kubwerera 72. Abwerera 52. Matikiti 20 sakuoneka, ndiyo K30,000.

Nambala 17: K14,000 ija, K8,000 inapita kwa a kabaza ndi ngolo yobweza masipika ndi mabenchi obwereka usiku womwewo, chifukwa zikagona mwini wake amawerengera tsiku lachiwiri. K6,000 tinawonjezera petulo, sewero linayamba mochedwa jenereta ili chilirire. Matikiti 20 anagawidwa kwa osewera kuti akagulitsiretu kumakwawo. Ena anagulitsa pa ngongole, ena anapatsa achibale.

Wowerengera ndalama wachiwiri: Analemba ndani kuti uje watenga nambala iyi mpaka iyi?

Nambala 17: Matikitiwo analibe manambala.

Wowerengera ndalama wachiwiri: Apo ndiye pagona nkhani. Tikiti yopanda nambala ndi kapepala chabe, aliyense atha kukaichulukitsa pa makina a fotokope. Tikiti imafunika nambala mbali zonse ziwiri, chidindo cha gulu kumbuyo, ndipo a ana akhale a mtundu wina wa pepala. Wogulitsa akhale pa tebulo panja, wong'amba akhale pakhomo, asakhale munthu mmodzi. Wong'amba amaponya mbali yake m'chitini chotseka, ndalama sakhudza. Sewero likangoyamba, awiriwo amawerengera pamaso pa munthu wachitatu, zotsalira za m'chitini zifanane ndi ndalama za pa tebulo. Ndipo ndalama ya pakhomo siigwiritsidwa ntchito isanalembedwe, ngakhale ya kabaza. Olipira pa Airtel Money alembedwe pa pepala lawo, mauthenga aonetsedwe usiku womwewo.

Nambala 11: Mabenchi onse anadzaza, ena anaima kumbuyo. Olipira 192, onjezani 20 aja, ndi 212. Ena onsewo analowera kuti?

Nambala 4: Khomo la kumbuyo kwa siteji. Linali lotsekula chifukwa cha kutentha, Okutobala wa kuno mukumudziwa, denga la malata, osewera akusintha zovala thukuta lili kamukamu. Alonda onse awiri anali kutsogolo. Wosewera aliyense ali ndi abale, ndipo munthu amene wayeserera masabata 6 osalandira kanthu n'kovuta kumuuza kuti amayi ake alipire.

Nambala 6: N'chifukwa chake wosewera aliyense amapatsidwa tikiti imodzi yaulele yolembedwa dzina, kuti asakhale ndi chifukwa chotsekulira khomo lakumbuyo. Amfumu ndi alendo oitanidwa nawonso awerengedweretu, mipando yawo ichotsedwe pa masamu.

Nambala 21: Tsikunso linalakwika. Pakati pa mwezi, a pa ntchito asanalandire. Loweruka masana, mpira wa ku England uli m'mavidiyo onse. Mwezi unali wowala, asodzi a usipa ndalama analibe. Positala inati 2 koloko, sewero linayamba 4 koloko itadutsa, ndiye pofika nthawi ya swala ya madzulo anthu anayamba kutuluka.

Nambala 9: Zonsezo ndamva. Koma pa masamu a a Mlembi ndili ndi funso. K210,000 ija mukaichotsa pa K300,000 patsala K90,000. Chiwongoladzanja cha mwezi wachiwiri chikhale cha K90,000, yomwe ndi K18,000. Onjezani K60,000 ya mwezi woyamba, zonse K168,000, osati K180,000.

Mlembi: Amayi, lamulo lathu likuti ndalama ikabwera yosakwana imayamba yatseka chiwongoladzanja, yotsala ndiyo imadula ngongole yeniyeniyo. Pa K210,000, K60,000 inatseka chiwongoladzanja, K150,000 inadula ngongole, n'kutsala K150,000. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi K12,000. Anthu asanu chaka chino tawawerengera mwa njira yomweyi. Tikakusinthirani inu tiyenera kuwabwezera onsewo.

Wosunga bokosi: Walira mvula walira matope. Phindu likanapezeka likanapita ku gulu la zisudzo, ife tikanangolandira K60,000 yathu basi.

Nambala 11: Achemwali, pang'onopang'ono. Masheya a nambala 9 panopa ali pa 60, ndiyo K120,000. Tikawadula onse pogawana atuluka chimanjamanja mu Disembala, feteleza asanagule, ndipo K60,000 ikhalabe yosabwezedwa. Nanga thumba la zangozi silingathandize?

Mlembi: Thumba la zangozi ndi la maliro, matenda ndi nyumba kupsa. Timasonkha K200 pamsonkhano, silingakwirire ngongole ya geni. Tikalikhudza lero, Januwale wa malungo adzatipeza lilibe kanthu.

Nambala 17: Ndiye tiloleni tichitenso sewero lomwelo tisanagawane, koma popanda ngongole ina. Sewero n'lophunziridwa kale, zovala ndi katani zilipo. Tichite masana, 2 koloko yeniyeni, kuti jenereta isafunike. Malo akhale holo ya sukulu kapena ya mpingo pa mgwirizano wogawana za pakhomo, eni malo atenge gawo limodzi pa magawo asanu, m'malo molipiriratu K60,000. Masipika ayi. Anthu 150 amamva bwino wosewera akayang'ana kwa anthu, osalankhulira ku katani, ndipo mabenchi akaikidwa mozungulira mbali zitatu. Mbali za agogo ndi za msodzi zija zikhale m'Chiyao, ndi pomwe anthu anaseka kwambiri. Kulengeza tichite tokha ndi ng'oma pa tsiku la msika. Zotuluka sizingapitirire K25,000.

Wowerengera ndalama woyamba: Tiwerengere pano pomwe. Ino ndi nthawi yotseka nyanja, makoka ali pa mtunda, ndalama m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi yochepa. K1,500 siyenda. Tiike K1,000 akuluakulu, K300 ana. Akuluakulu 100 ndi ana 50 ndi K115,000. Eni malo K23,000, zotuluka K25,000, patsala K67,000. Kawiri ndi K134,000. Musalotenso za holo yodzaza. Ku Namwera kapena ku Monkey Bay musapite, galimoto ya anthu 14 kupita ndi kubwera idya phindu lonse. Komanso pa ndandanda wa nambala 4 sindinaone ya chilolezo. Sewero lolipiritsa limafuna chilolezo cha Censorship Board, bungwe la boma lounika masewero ndi mafilimu, ndipo mukaimba nyimbo za eni pa masipika a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, ali ndi gawo lawo. Mukafunse mtengo musanadinde matikiti, ulowe pa masamu.

Nambala 14: Kusewera ndisewera kawiri konse. Koma kusaina ngongole yomwe sindinaivomere, ayi.

Nambala 4: Ine ndisaina. Ndalama inadutsa m'manja mwanga.

Nambala 17: Inenso. K14,000 ija ndine ndinalamula kuti ituluke isanalembedwe, ikhale pa ine.

Pampando: Zikomo abale. Zomwe ndikapereke Lachiwiri kuti tikavote ndi izi. Ngongole ikhalabe m'kabuku ka nambala 9, K180,000, monga lamulo linenera. Chindapusa cha K5,000 chichoke ndipo chiwongoladzanja chiimire pomwepa, chifukwa komiti inadutsa malire a katatu ndipo sinafunse masamu. Nambala 17 abweretsa K14,000. Nambala 4 atolere K30,000 ya matikiti 20 kwa osewera omwe anawatenga, abwere ndi mayina. Yotsala K136,000 ichokere ku masewero awiriwo, ndipo pakhomo pakakhala owerengera ndalama athu awiri, ndalama ikalowe m'bokosi tsiku lomwelo. Ikaperewera, nambala 9, 4 ndi 17 adulidwa mofanana pa masheya awo pogawana. Nambala 14 sakakamizidwa. A Mlembi, lembani kalata ya zimenezi, atatuwo adzasaine pamaso pa gulu.

Nambala 6: Muwonjezere lamulo loti ngongole yopitirira K100,000 isatuluke popanda pepala la zolowa ndi zotuluka, ndipo wotengera gulu abwere ndi anzake adzasaine limodzi tsiku lomwelo.

Wosunga bokosi: Katani ndi zitenje zikhale kwa ine ngati chikole. Azidzatenga m'mawa wa tsiku la sewero, n'kubweza madzulo.

Nambala 9: Katani tengani. Zitenje zimafunika poyeserera, Lolemba ndi Lachinayi.

Wosunga bokosi: Ziwerengedwe kaye, zilipo zingati?

Nambala 4: 9, chimodzi chinang'ambika pa msomali wa benchi, chili kwa telala.

Mlembi: Ndalemba. Lachiwiri 2 koloko, aliyense ndi kabuku kake. Osunga makiyi musachedwe, chindapusa chikadali K500.