Sitima ya m'mbali mwa nyanja ku Devon: tipitebe ngakhale kuli mvula?

Nangozo:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munakwerapo sitima ya pamtunda yochoka ku Exeter kupita ku Paignton. Tili ku Devon, ku England, pa tchuthi, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri, wina wa zaka 9 ndi wina wa zaka 4, ndipo tinakonza zoti Lachinayi tikwere sitimayi kuti anawa akaone nyanja, koma azanyengo akuti mvula igwa sabata yonse. Kodi kukachita mvumbi pamakhala choona, kapena tingowononga ndalama? Nanga titsikire pati?

Mbewe:
Mayi, pitani ndithu, chifukwa mvula yokha siwononga ulendo umenewu. Njanji ya m'mbali mwa nyanjayi anaimanga injiniya Isambard Kingdom Brunel ndipo inatsegulidwa mu 1846, koma ubwino wake ndi wakuti inadutsa pafupi kwambiri ndi madzi, moti ngakhale kuchite nkhungu, zimene ana akufuna kuona zili pansi pa zenera pomwepo. Mukamachoka pa siteshoni ya Exeter St Davids mukhale mipando ya kumanzere, pobwerera kumanja. Poyamba mumatsata mtsinje wa Exe mpaka ku Starcross, ndipo madzi akaphwa pamatope pamadzaza mbalame, maboti atangogona chammbali. Mukangopitirira Dawlish Warren nyanja imayamba, sitima n'kumayenda pamwamba pa khoma, mafunde mbali iyi, matanthwe ofiira mbali inayo. Matanthwewo akanyowa amafiira kwambiri kuposa tsiku la dzuwa, ndipo kwa ine m'pamene amakongola. Pakati pa Dawlish ndi Teignmouth pali mphanga zisanu zimene anaboola m'thanthwe. Muwauze ana kuti aziwerenga, muona kuti za mvula aiwala. Musaiwale kansalu kopukutira, popeza anthu akalowa ndi zovala zonyowa mazenera amachita nthunzi, ndipo mwana wamng'ono amayamba kujambulapo ndi chala m'malo moona kunja.

Nachisale:
Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma chimene muyenera kuyang'ana kwambiri ndi mphepo komanso nthawi imene madzi a m'nyanja akwere. Mphepo yamphamvu ikamachokera kum'mwera chakum'mawa n'kukumana ndi madzi atakwera, mafunde amalumpha khoma n'kumenya mabogi, ndipo tsiku lotero sitima zimachedwa kapena kuimitsidwa kumene. Mu February 2014 namondwe anagumula khoma la ku Dawlish, njanji n'kutsala ikulendewera m'malere, ndipo sitima sizinadutse mpaka mu April chaka chomwecho. Pambuyo pake a Network Rail, amene amasamalira njanji, anamanga khoma lina lalitali, la ndalama zokwana mapaundi 80 miliyoni, choncho zinthu zili bwino kusiyana ndi kale, komabe nyanja simva za munthu. Mmawa wa tsikulo muone pa intaneti ya National Rail ngati sitima zikuyenda bwino, ndipo musadalire sitima yomaliza pobwerera. Njira ya oyenda pansi imene ili pakhomapo musapitepo ndi ana mafunde akakhala aakulu, ngakhale muone ena akujambula zithunzi.

Gama:
Pa nkhani yotsikira, ine sindingakulangizeni kuti mukafike ku Paignton chifukwa chongofuna nyanja. Mukadutsa Teignmouth njanji imatsata mtsinje wa Teign mpaka ku Newton Abbot, kenako imalowa kumtunda, ndipo mwana wa zaka 4 amayamba kutopa. Tsikirani pa Teignmouth, pamene kuchokera ku Exeter ndi pafupifupi theka la ola, mudye chamasana m'tauni, kenako pobwerera mutsike pa Dawlish. Kumeneko siteshoni ili pagombe penipeni, ndipo mukangoyenda pang'ono mupeza kamtsinje kodutsa pakati pa tauni komwe kumakhala mbalame zakuda za makosi aatali zonga atsekwe. Ambulera muisiye, chifukwa mphepo ya kunyanja imaipinda. Ana avale majekete a mvula, ndipo m'chikwama mukhale masokosi ouma. Wamng'onoyo salipira, popeza ana osakwana zaka 5 amakwera ulere.

Nangozo:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo a kunyumba akufunsa za sitima yoyendera malasha imene anamva kuti ili ku Paignton, ngati n'zotheka kuiphatikiza tsiku lomwelo.

Mbewe:
N'zotheka. Imachoka ku Paignton kupita ku Kingswear, komwe mumawoloka mtsinje wa Dart pa boti kukafika ku Dartmouth, koma tikiti yake ndi yapadera ndipo siyenda pafupipafupi, choncho muone kaye nthawi zake ndi kunyamuka ku Exeter mmawa. Ngati Lachinayi kudzakhale mphepo, imeneyo muisungire tsiku lina, mutsate zimene anena a Gama.