Za ulendo wa ku Edinburgh uja, ndabwerako

Mu Julayi ndinafunsa ngati munthu wosakhupuka ngati ine angakwanitse kukaonera nthabwala, zisudzo ndi nyimbo ku Edinburgh, ku Scotland, mu Ogasiti, nyengo ya chikondwerero cha Fringe. Ambiri munati ndisayerekeze kugona mumzindamo, zipinda zimadula koopsa. Munanena zoona. Ndinafikira kwa alamu anga ku Glasgow, m'mawa uliwonse ndinkakwera sitima pa siteshoni ya Queen Street, pasanathe ola ndafika pa Waverley, siteshoni ya ku Edinburgh.

Fringe inayamba mu 1947, pamene magulu 8 a zisudzo anangotulukira osaitanidwa ku International Festival, chikondwerero china cha mumzindamo. Mpaka lero palibe wosankha, aliyense amene wapeza malo amasewera, kaya m'tchalitchi, m'kalasi ya yunivesite kapena m'kachipinda ka pansi pa bala. Ndiye zina n'zokoma zedi, zina ndi gaga weniweni. Mwayi wake zambiri zimangotenga ola limodzi, ukalakwitsa sutaya tsiku.

Zomwe zinandipulumutsa ndi za Free Fringe: polowa ndi ulere, potuluka umaponya kangachepe m'ndowa. Wanthabwala wina anaima yekha pakhomo ndowa ili m'manja, maso ali pa ine. Ndinaponya mapaundi 5 chifukwa cha manyazi, chikhalirecho Chingerezi chake cha ku Scotland ndinangomvapo theka, ndinkaseka poona anzanga akuseka.

Nyimbo ndinakamvera ku Usher Hall tsiku limodzi. Tattoo, chionetsero cha magulu oimba a asilikali pa Edinburgh Castle, inandiphonya, ndinachedwa kugula tikiti. Ndipo amene munati nditenge jekete la mvula, pepani sindinakumvereni. Inandinyowetsa pa msewu wa Royal Mile ndikuonerera munthu akuponya mipeni m'mwamba.