Zotsatira za funso langa lokhudza ndalama za kukhoti ndi dzina lolakwika

Masiku apitawa ndinafunsa ngati munthu ayenera kulipiranso ndalama za kukhoti akapeza kuti dzina linalembedwa molakwika pa chikalata cholumbirira chimene wapereka kale. Nkhaniyi yatheka tsopano, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni mmene zayendera.

Kalaliki wolandira zikalata anandichenjeza kuti ndisafufute dzinalo kapena kulipaka utoto woyera, chifukwa chikalata cholumbirira chikasinthidwa popanda wolumbiritsa kusainira pambali pa malo osinthidwawo, khoti likhoza kuchikana. Popeza changa chinali chitadindidwa kale n'kulowa m'fayilo ya mlandu, ndinayenera kulumbirira china chofotokoza cholakwikacho, ndipo ndinalipira ndalama yoperekera chikalata chatsopanocho basi. Ndalama yotsegulira mlandu sindinalipirenso, chifukwa nambala ya mlanduwo sinasinthe.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi lisiti la ndalama zimene ndinalipira poyamba, lomwe linali ndi chidindo, tsiku ndiponso nambala ya mlandu. Ndikupempha aliyense kuti azilipira kwa wolandira ndalama wovomerezeka yekha ndipo asachoke popanda lisiti, ngakhale wina pakhonde atalonjeza kuti afulumizitsa zinthu.

Dziwaninso kuti cholakwika chokhudza phata la mlandu, monga kuchuluka kwa ndalama zimene mukufuna kuti mupatsidwe, n'chosiyana ndi chilembo chimodzi chosokonekera. Ngati mbali inayo yalandira kale zikalata, pangafunike chilolezo cha khoti musanasinthe kanthu, ndipo mbaliyo iyenera kupatsidwanso chikalata chokonzedwacho kuti iyankhe pa zolondola.