Anasiyira sukulu panjira: tiwalondolere kuti?

Mlembi wa gulu la achinyamata, Namwera:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'gulu mwathu muli mnyamata wa zaka 20 yemwe analekeza Fomu 2 koma watha zaka zitatu akuwotcherera pa shopu ya amalume ake. Muli mtsikana wa zaka 17 yemwe anasiya Fomu 3 chifukwa cha pathupi, komanso amayi angapo ogulitsa usipa omwe sadziwa kulemba. Onsewa ndalama n'zovuta. Tiyambire pati kuti asamangoganiza za ku Joni?

Che Adamu, mphunzitsi wa za umisiri:
Achimwene, mnyamatayo musamubweze ku Fomu 1, luso ali nalo kale, chikumusowa ndi pepala. Njira yake ndi Trade Test, mayeso a umisiri a ku Unduna wa Zantchito. Amayambira Grade 3, kenako Grade 2, mapeto ake Grade 1. Akafunse ku ofesi ya Labour pa boma. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, nayonso ili ndi ndondomeko ya RPL, yoyesa munthu yemwe anaphunzira ntchito pamanja n'kumupatsa satifiketi.

Pomwe ambiri amagwera ndi apa. Wa pa shopu amazolowera kuyeza ndi maso, kuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo basi. Pa mayeso amupatsa chojambula chokhala ndi miyezo ya mamilimita, ndipo amayembekeza kuti adule, alumikize molunjika, asankhe ndodo yowotcherera yoyenera kukhuthala kwa chitsulo. Ndodo yaikulu pa chitsulo chopyapyala imaboola, ampeya (mphamvu ya magetsi) akachepa ndodo imamatirira. Atenge miyezi iwiri kapena itatu akuzolowera tepi, sikweya ndi kuwerenga chojambula. Magalasi akuda a dzuwa aja si chishango cha maso, azisiye zimenezo.

Makoleji akuluakulu monga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Blantyre amafuna MSCE, ndiye pakadali pano asaike mtima wake kumeneko. Ku Mangochi Community Technical College akafunse yekha zomwe kolejiyo ikufuna chaka chimenecho. Koma sukulu za eni zomwe zangotumphuka m'matauni, musanapereke khobidi, funsani ngati zinalembetsedwa ku TEVETA. Pepala la sukulu yosalembetsa bwana salipenya kawiri.

Mayi Mlangizi, Monkey Bay:
Za mtsikanayo n'zosavuta kwenikweni. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka lilipo kuyambira 1993. Apite ndi kholo kwa ahedi, ndipo a mother group (amayi othandiza atsikana pasukulupo) amuperekeze. Ngati akuopa kusekedwa, apemphe kusamukira sukulu ina. Chomwe chimalepheretsa ambiri si sukulu ayi, koma wosiyira mwana. Banja likambirane zimenezi poyamba, apo bii abwerera teremu imodzi n'kusiyanso.

Ngati m'mawa sizitheka, pali ma open school omwe amaphunzira masana m'makalasi a sekondale za boma, pansi pa MCDE (Malawi College of Distance Education). Amalipira fizi, koma mayeso a MANEB ndi omwewo. Kuti apeze MSCE ayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi likhale la kirediti, kapena maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi, atatu akhale a kirediti. Kirediti ndi giredi 3 mpaka 6, pomwe 1 ndi 2 ndi distinction, ndipo 9 ndi kulephera. Chingerezi chikagwa, satifiketi palibe ngakhale ena onse atakhoza bwino. Wa masana nthawi imamuchepera, ndiye bola maphunziro 7 odziwika bwino kusiyana ndi 9 ongogwiragwira. Akasankha sayansi, aonetsetse kuti pamalopo pali labu.

Za fizi, dzina lake lidutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi kwa ahedi, lifike ku ofesi ya Social Welfare. Bungwe la CAMFED nalo limathandiza atsikana kudzera m'sukulu. Munthu wokuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akulowetseni pa bursary, ameneyo ndi wakuba.

Bambo Phiri, Malindi:
Ndiwonjezereko chimodzi chomwe chimaliza anthu kuno kwathu: mayina. Mwana kusukulu analembetsa dzina la agogo, pa chitupa cha unzika n'kulemba la bambo ake, kalembedwe kosiyananso, Yusufu kuno Yusuf uko. Pofunsira malo kapena ntchito amamubweza. Onse a zaka 16 kupita m'tsogolo akhale ndi chitupa cha unzika cha ku NRB, ndipo dzina lifanane ndi la ku MANEB asanalembetse mayeso.

Amayi a usipawo, sukulu za kwacha ndi zaulere. Muonane ndi mlangizi wa chitukuko wa dera lanu, mumupatse mayina. Kalasi ikhale masana ntchito za kudooko ndi pathandala zitatha, chifukwa ya m'mawa imatha yokha usipa ukachuluka. Mphunzitsi ayambe ndi zomwe akuzifuna lero: kusaina dzina, kuwerenga uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, ndi kulemba m'buku la banki m'khonde.

Mlembi wa gulu la achinyamata, Namwera:
Zikomo nonse. Che Adamu, pa Trade Test pakufunika kalata yochokera kwa amalume akewo?

Che Adamu, mphunzitsi wa za umisiri:
Itengeni ndithu. Alembemo zaka zomwe wagwira ndi mitundu ya ntchito yomwe amatha, asainire, ndipo mujambule pafoni zinthu zomwe anapanga yekha.