Ndiyambe ndi buku liti kuti ndiwadziwe bwino makapeti a Baluch?

Wofunsa, Leeds

Abale anga pagulu pano, funso langa ndi lachilendo pakati pa nkhani za ntchito ndi za mapepala zomwe timakambirana kawirikawiri, koma gulu ndi lalikulu, mwina alipo wina wa chidwi chonga changa. Ndayamba kusonkhanitsa makapeti ang'onoang'ono oluka pamanja, ochokera kum'mawa kwa Iran ndi kumadzulo kwa Afghanistan, amene ogulitsa amawatchula kuti Baluch. Sindine wamalonda ayi. Ndimagula pa okushoni zing'onozing'ono za kuno ku Yorkshire, zija zogulitsa katundu wa m'nyumba za anthu, ndipo ndimatenga zomwe thumba langa lingakwanitse.

Yomwe yandilembetsa uthenga uno ndi kapeti yopemphererapo, kutalika kwake kungopitirira mita pang'ono, ndipo chithunzi chake ndaika pano. Pakati pake ndi potuwa ngati ubweya wa ngamila, ndipo pali mtengo wowongoka wa nthambi zotambasukira uku ndi uku, masamba ake ofiira modera ndi a buluu wakuda. M'mphepete anakulunga ndi ubweya wa mbuzi, wakuda ndi wokhakhala. Ukayendetsa chala pamwamba, malo onse a bulauni alowa m'kati, pomwe ofiira ndi a buluu adakali ndi ubweya wambiri wonyezimira. Mu katalogi anangolemba dzina la Baluch basi. Ine zimenezo sizikundikwanira. Pali mayi amene anakhala pansi miyezi akumanga mfundo imodziimodzi, ndipo ndikufuna ndidziwe kuti anali wa mtundu uti, ankakhala dera liti, analuka liti.

Pa intaneti ndasokonezeka. Kapeti yofanana ndi yangayi wina akuti ndi ya mtundu wa Timuri, wina akuti wa Salar Khani, wina akutchula dzina la tauni. Ndalama zomwe ndili nazo ndi za buku limodzi kapena awiri. Ndiyambe ndi liti? Nanga chilipo chowerenga chaulere chomwe ndingachikhulupirire?

Bambo wina, London

Achimwene, mwafika. Ine ndimagwira ntchito yochapa ndi kusoka makapeti akale, ndiye mabukuwa ndimawatsegula pafupipafupi. Mukati limodzi lokha, gulani la Jeff Boucher, Baluchi Woven Treasures. Linatuluka mu 1989, n'kusindikizidwanso mu 1996, ndipo chifukwa cha kusindikizidwa kachiwiriko silivuta kupeza kwa ogulitsa mabuku akale. Boucher anali msilikali wa ku America amene anasonkhanitsa makapeti amenewa kwa zaka zambiri. Zithunzi zake n'zomveka, ndipo muli zonse: opemphererapo, matumba opachika pa bulu aja amati khorjin, mapilo a balisht, timatumba ta mchere. Katundu wakeyo anaperekedwa ku Indianapolis Museum of Art, choncho zina mutha kuziona pa tsamba lawo musanawononge ndalama.

Buku lomwe linatsegula maso a anthu ku Ulaya ndi la David Black ndi Clive Loveless, Rugs of the Wandering Baluchi, la 1976, lotuluka konkuno ku London. Isanafike nthawi imeneyo ogula ambiri ankawanyoza makapetiwa kuti ndi akuda, otchipa, oyenera kupukutirapo mapazi. Koma masiku ano bukuli ndi losowa komanso lodula, musalimbane nalo. Poti yanu ndi yopemphererapo, lomwe likukukhudzani kwambiri ndi la Michael Craycraft, Belouch Prayer Rugs, la 1982, lotuluka ku California. Nalonso ndi losowa. Tsiku lomwe mudzabwere ku London, pitani ku National Art Library, mkati mwa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert Museum (V&A), kapena ku British Library. Kulembetsa n'kwaulere, mumakhala pansi n'kuwerengera pompo. Funsaninso ku laibulale ya kwanuko ngati angakubwerekereni kuchokera ku laibulale ina.

Membala wina

Koma zimenezi zili ndi phindu? Mukagula lero mungadzagulitse mtengo wokwera?

Wofunsa, Leeds

Sindikudziwa m'bale wanga, ndipo si cholinga changa. Ndikufuna kuwadziwa basi.

Mayi wina, Johannesburg

Bambo a ku London alankhula zoona pa mabukuwo, koma ine ndikusiyana nawo pa koyambira. Buku la zithunzi limakuphunzitsani kuyang'ana nkhope ya kapeti, pomwe nkhopeyo ndiyo imanamiza. Maluwa ndi mitengo anthu ankakopera kwa anansi awo, mkazi akakwatiwa kumtundu wina ankapita nazo. Chomwe sichisintha msanga ndi kalukidwe, chifukwa mwana wamkazi amamanga mfundo momwe anaonera kwa amayi ake. N'chimodzimodzi lichero: mukalitembenuza n'kuona mmene analimangira mkombero, mumadziwa dzanja la mlukiyo kuposa mukayang'ana mawanga a pamwamba.

Ndiye ine ndikanati buku loyamba likhale la Marla Mallett, Woven Structures, la 1998. Si la Baluch okha, ndi la kalukidwe ka makapeti ndi nsalu za kum'mawa konseko, lodzaza ndi zojambula zoonetsa mmene ulusi ukuyendera. Mukalimaliza, mabuku enawo mudzawawerenga mosavuta, chifukwa pansi pa chithunzi chilichonse amalemba za ulusi ndi mfundo, ndipo ambiri timangodumpha mizere imeneyo.

Pakali pano chitani izi. Ipindeni kapetiyo ubweya uli kunja, mpaka mizere itseguke, muyang'ane pansi pa ubweyawo ndi galasi lokulitsa. Mfundo iliyonse imagwira ulusi uwiri woimirira. Ngati nsonga zonse ziwiri za ubweya zatulukira pamodzi pakati, pansi pa kakhosi kamodzi, imeneyo ndi mfundo yofanana mbali zonse, yomwe ena amati ya Chiteki. Ngati nsonga imodzi yatulukira pambali, ndi ija amati ya Chiperezi, ndipo muone ngati yatsegukira kumanzere kapena kumanja. Makapeti ambiri a Baluch ali ndi yotsegukira kumanzere. Ikakhala yofanana mbali zonse, nkhani yasintha, olemba amayamba kutchula magulu ena monga Bahluli kapena anthu okhala moyandikana ndi Akurdi. Onaninso ulusi woimirirawo, umene umathera ku mphonje: ndi ubweya kapena thonje? Akale a anthu oyendayenda ndi ziweto amakhala a ubweya. Thonje limaloza kumudzi wokhazikika kapena ku zaka za posachedwa.

Za bulauni wolowa m'katiyo musadandaule, si njenjete. Popanga utoto wa bulauni wakuda ankagwiritsa ntchito chitsulo, ndipo chitsulocho chimadya ubweya pang'onopang'ono pakapita zaka. N'chizindikiro chabwino ndithu, ngakhale pachokha sichikwanira kunena chaka. Kufiirako nthawi zambiri kumachokera ku mizu ya chomera cha madder, buluu ku chomera cha indigo. Utoto wa kufakitale unayamba mu 1856 ndipo unafika kumaderawo zaka za m'ma 1800 zisanathe, choncho mukaona mtundu wa lalanje wowala kwambiri, kapena wofiirira umene wazilala kunsonga koma pansi udakali wolimba, dziwani kuti mwina ndi umenewo. Pa za utoto pali buku la Harald Böhmer, Koekboya, la 2002, koma limenelo lidikire.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Zomba

Funso lanu lenileni, monga ndalimvera, ndi lakuti analuka ndani. Pamenepo ndipo pali mutu, ndipo ndikupemphani muleze mtima, chifukwa palibe buku limene lidzakupatseni yankho lomaliza.

Choyamba, makapeti a ubweya wa mfundowa ambiri sanalukidwe ku Baluchistan kwenikweniko, dera lija logawikana pakati pa Pakistan, Iran ndi Afghanistan. Kumeneko amayi amadziwika ndi nsalu zoluka zosalala ndiponso zopetapeta, ndipo mukafuna kuona zimenezo werengani kabuku ka M. G. Konieczny, Textiles of Baluchistan, kotuluka ku British Museum mu 1979. Makapeti onga anuwo kwawo ndi kumpoto, ku Khorasan m'dziko la Iran, m'madera a Torbat-e Heydarieh ndi Torbat-e Jam kum'mwera kwa Mashhad, kenako kuwoloka malire kupita ku Herat ndi Adraskan ku Afghanistan, ndi kum'mwera ku Sistan, cha ku Zabol. M'madera amenewo Abaluchi analipo, koma ankakhala limodzi ndi a Timuri, magulu a Aimaq, Aarabu, Akurdi ndi ena, ndipo onsewa ankaluka mofananako. Amalonda a ku Mashhad ndi Herat ankawaunjika mulu umodzi n'kuwapatsa dzina limodzi. N'chifukwa chake Siawosch Azadi, m'buku lake la 1986 lotuluka ku Munich m'Chijeremani ndi Chingerezi, Carpets in the Baluch Tradition, anasankha kunena za mwambo wa kalukidwe osati za mtundu umodzi.

Ine powerenga buku lililonse ndimafunsa kuti: wolembayu anakafika kumeneko, kapena anamva kwa wogulitsa? Cecil Edwards anagwira ntchito ku Persia, komwe ndi Iran, zaka zambiri pa kampani ya makapeti, ndipo The Persian Carpet, lomwe linatuluka mu 1953 iye atamwalira kale, lili ndi gawo la Abaluchi a ku Khorasan. Zithunzi zake si zokopa, koma mawu ake ndi a munthu amene anayenda. Dietrich Wegner anali dokotala wa ku Germany amene anagwira ntchito pakati pa anthu amenewa, ndipo zolemba zake zinamasuliridwa m'Chingerezi m'magazini ya Oriental Rug Review mu 1985. Mayina ambiri amene mukuwaona pa intaneti anadzera mwa anthu ochepa ngati amenewa, ena n'kumangobwereza osanena komwe anawatenga.

Chaulere chomwe ndingachiikire kumbuyo ndi Encyclopaedia Iranica, ili pa intaneti. Fufuzani Baluchistan, muwerenge za dziko ndi mbiri ya anthu ake zolembedwa ndi Brian Spooner. Spooner yemweyo analemba nkhani yonena za oluka ndi amalonda m'buku la The Social Life of Things la 1986, kufotokoza mmene kapeti imafikira kwa wogula wa ku Ulaya itasiyana kale ndi mbiri ya woluka, n'kupatsidwa mbiri ina panjira. Zitsanzo zake ndi za makapeti a mtundu wina, wa Turkmen, koma zonse zikukhudza kapeti yanu. Chimandiwawa ndi chakuti m'mabuku onsewa mayina a osonkhanitsa alimo, a amalonda alimo, koma mawu a amayi olukawo ndi ochepa kwambiri.

Bambo wina, London

Aphunzitsi anena zolemera. Ndingowonjezera za mbali ya Afghanistan: R. D. Parsons, The Carpets of Afghanistan, la 1983. Iye anali wogulira kampani makapeti m'dzikomo, ndiye amalemba zomwe ankaona m'misika, kuphatikizapo makapeti atsopano a nthawi yake. Limathandiza kwambiri, chifukwa zambiri zomwe mudzakumane nazo pa okushoni za kumudzi si za m'ma 1800 ayi, ndi za pakati pa zaka za m'ma 1900. Palinso magazini ya HALI, yomwe inayamba kuno mu 1978. Mu 1994 inasindikiza zokambirana za Tom Cole ndi Jerry Anderson, munthu amene anakhala ku Pakistan n'kuyenda kwambiri pakati pa Abaluchi. Anderson anatsutsa mayina ambiri a m'mabuku, ndipo anthu amakanganabe pa zomwe ananena. Werengani, koma musameze zonse.

Mayi a ku Johannesburg, pa Mallett sindikukanani. Kungoti munthu woyamba kumene amafunika kuona zokongola kaye kuti diso lizolowere, apo ayi amatopa ndi zojambula za ulusi.

Mayi wina, Johannesburg

Akatopa ndi ulusi, bambo, ndiye kuti adzagula dzina lolembedwa pa katikiti moyo wake wonse. Koma onse awiri akakwanitsa, palibe mlandu.

Mayi wina, Mangochi

Za mabuku sindikudziwa, koma ndaona chithunzi mwaikacho. Kumtunda komwe kwachita ngati mutu ndi mapewa ndiko kumaloza ku Qibla, mbali ya ku Makka, ndipo timabwalo tiwiri ta m'mbali mwake ndi poika manja pogwada. Ngati ndi yoswalirapo, chonde mwana wanga musaiyale pakhomo popondapo ndi nsapato. Kaya inagwiritsidwapo ntchito kaya inalukidwira msika, inapangidwa m'maonekedwe a malo a Swala.

Wofunsa, Leeds

Zikomo amayi, ili pakhoma, ndipo sidzapondedwa. Zikomo nonse, mwandipatsa zoposa zomwe ndinapempha.

Ndaipinda monga munanenera mayi a ku Johannesburg. Mfundo zatsegukira kumanzere. Ulusi woimirira ndi ubweya woyererako, wopingasa ndi wa bulauni, uwiri pakati pa mzere uliwonse wa mfundo. Kumapeto konse kuli kansalu kosalala ka mizeremizere, mbali imodzi kadyeka pang'ono. Lalanje wowala mulibe. Ndaitanitsa la Mallett, la Boucher ndidzagula mwezi wamawa, ndipo Iranica ndayamba kale usiku uno. La Craycraft ndikaliwerengera ku V&A.

Funso lina: pansi pa mphonje ndapeza timachubu toyera ngati ulusi wa kangaude ndi tifumbi tonga mchenga. Kodi apa ndiye njenjete?

Bambo wina, London

Eya, imeneyo ndi njenjete, ndipo musachedwe nayo, ingalowe mu enawo. Musapopere mankhwala, musaichape ndi madzi otentha. Ikulungeni, muiike m'pulasitiki, mutulutse mpweya n'kumanga bwino, kenako mu firiza yozizira kufika madigiri -18 kwa sabata ziwiri. Potulutsa musatsegule msanga, isiyeni tsiku lathunthu m'pulasitikimo kuti isagwire chinyontho. Mukatero iyeretseni mofatsa kumbuyo ndi kutsogolo ndi huva yofooka mphamvu, mutayika kaneti pamwamba kuti isakoke ubweya. Makapeti enawo muwatembenuze onse lero lomwe, makamaka amene ali kumdima kuseri kwa mipando.