Nyimbo ya pa kaseti ya achemwali sikumvekanso ngati kale, chavuta n'chiyani?

Wa Makaseti:

Abale, ndithandizeni maganizo. Pali nyimbo ina yachikondi, zija zoyenda pang'onopang'ono, yomwe achemwali anga anajambula kuchokera pa wailesi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Inali pa kaseti ya TDK ya mphindi 90. Ndimawakumbukira atagwada pafupi ndi wailesi usiku, chala chili pa batani lofiira, akutikodola kuti tisapume n'komwe. Woulutsa mawu analankhula pamwamba pa piyano yoyambirira, ndipo kumapeto tepi inathera pomwe mayi woimbayo ankakoka mawu omaliza. Ndiye kwa zaka zonsezo ife tinkaidziwa yoduka chomwecho. Achemwali ankamalizitsa okha ndi pakamwa, uku akusita.

Anatisiya zaka zinayi zapitazo. Dzulo ndaipeza pa YouTube, yoyera bwinobwino, yopanda kuphwephwetha kulikonse. Koma mtima wakana. Ikumveka yothamanga, mawu a mayi uja ndi okwera, sakundifika pamtima monga kale. Kodi ndi makutu anga akalamba? Kasetiyo ndikadali nayo m'katoni, koma ndikuopa kuiyika mu wailesi.

Wokonza Mawailesi:

Pepani ndi za achemwali anu. Makutu anu sakukunamizani ayi. Tepi ya kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Ngati anajambula mabatire ali atsopano, inu n'kumamvetsera atafooka, mota inkazungulira mochedwa, nyimbo n'kumadekha, mawu n'kutsika pansi. Ambirife tinazolowera nyimbo zathu zili choncho.

Kasetiyo musaiyike mu wailesi yomwe yakhalitsa osalira. Lamba wake amakhala atafumbwa, ndipo kagudumu ka labala kakamata kamatafuna tepi. Yambani mwaizungulitsa ndi bolopeni mpaka kumapeto, modekha, kuti muone ngati siinamatane. Suzumiraninso pansi pa tepi pakatipo, pali kansalu kakang'ono kamene kamakanikiza tepiyo ku hedi, kachitsulo kamene kamawerenga mawu a pa tepi. Kakagwa, mawu amazilala. Hedi muipukute ndi thonje la spiriti, muyese kaye kaseti ina yosadandaulitsa. Zikayenda, lumikizani ku kompyuta mujambule ndi pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity, ndi yaulere. Mukafuna, momwemo mutha kuichedwetsa pang'ono mpaka ifanane ndi ija mukuikumbukira.

Mayi wa Kwaya:

Achimwene, mwandigwetsa misozi m'mawa uno. Ine nyimbo yanga tinaivina tsiku limene bambo a kunyumba anandilankhula koyamba, manja awo ali thukuta lokhalokha. Mpaka lero ikafika paja ng'oma zimakhala chete kamphindi, kenako woimba n'kukwezera nyimbo yonse m'mwamba kolasi yomaliza, tsitsi limandinyerenyetsa. Ana anga amati zonse za nthawi ija n'zofanana. Pang'ono akunena zoona: piyano yolira ngati timabelu ija m'nyimbo zambiri inkachokera mu kiyibodi ya Yamaha DX7, yomwe inatuluka mu 1983. Koma mawu a oimba sankafanana. Unkamva munthu akupuma asanayambe mzere, ndipo pena mawu ankasasa ndithu pofika pamwamba. Za masiku ano ndi zosalala mopitirira, ine sizindikhudza.

Komanso ndinene, chimene mukuchisowa pa YouTube si liwiro lokha. Mulibe achemwali anu omalizitsa.

Wobadwa mu 1996:

Ine makaseti ndinangowapeza akutha, koma bambo anga ali ndi Walkman ya Sony yomwe salola munthu kuigwira. Bwana, mukajambula musadule mawu a woulutsa uja chonde. Ndi kuduka kwa kumapeto komwe, kusiyeni.

Wa Makaseti:

Zikomo nonse. A Mayi wa Kwaya, mwalasa penipeni. Ndaitulutsa m'katoni madzulo ano, ndazungulitsa ndi bolopeni monga mwa malangizo a akatswiri athuwa, ndipo yayenda bwino mpaka kumapeto, kansalu kaja kaliponso. Pa chipepala chake pali zolemba za achemwali, inki yabuluu yazilala, koma ndikutha kuwerenga pomwe analemba kuti "Osafufuta mbali B." Loweruka ndipita nayo kwa mnzanga amene wailesi yake ikulirabe.