Kapini ka trigger kakusololoka, thandizeni msanga

Wa pafamu ku Texas: Abale, zandithina. Mfuti ya AR-15 imene timaphera nguluwe pafamu pano, kapini ka trigger kakumasololoka ndikangowombera kangapo. Bwana wagula mapini a kampani ya KNS oletsa kuzungulira aja, akuti ndiike Loweruka lisanafike. Amene munaikapo, mumayambira pati?

Mjoni: Nguluwe ku America? Tumizani nyamayo kuno achimwene, zipalapasiro zatikwana.

Malume a ku South Bend: Musanakhudze pini, mapepala anu ndi otani? Wa visa ya sukulu kapena ya ntchito yakanthawi saloledwa kukhala ndi mfuti ngakhale chipolopolo, pokhapokha akhale ndi laisensi ya ulenje. Wopanda mapepala asayerekeze n'komwe. Ana obwera dzana inu mumangolandira chilichonse bwana akakupatsirani.

Wa pafamu ku Texas: Green card ndili nayo malume, ya lotale ija.

Wa ku Dallas: Komanso nguluwe ku Texas sizifuna laisensi kuyambira 2019, bola mwini malo wavomera.

Malume a ku South Bend: Limenelo ndi lamulo la Texas, likunena za nguluwe. Ine ndikunena la dziko lonse, lonena za munthu wogwira mfutiyo. Usamasakanize mwana iwe, ungamangitse anzako.

Mmisiri wa ku Houston: Achimwene, yambani mwachotsa magazini, muone ndi maso kuti m'chemba mulibe chipolopolo. Kenako patulani chigawo chapamwamba ndi chapansi cha mfutiyo musuzumire sipuling'i ya hammer, kachitsulo kamene kamamenya kuti mfuti ilire. Miyendo iwiri ya sipuling'iyo iyenera kugona pamwamba pa pini ya trigger, wina ulowe m'kamzere ka piniyo. Ndiwo umagwira pini. Wina akaigoneka pansi, pini imayenda basi, ndipo nthenda yake kawirikawiri imakhala imeneyo. Ngati muli trigger ya m'kabokosi, yongoponyamo ija, ndiyedi mapini omangawo akufunika.

Dalaivala wa thiraki: Ine ndamva akuti ukaika mapini amenewo mfuti imayamba kulira mosalekeza ngati ya asilikali, apolisi n'kukutola.

Mmisiri wa ku Houston: Bodza limenelo. Ntchito yake ndi kugwira mapini awiriwo kuti asazungulire kapena kutuluka, basi. Chitsulo chikamazungulira m'bowo la aluminiyamu ena amati chimakuza bowolo, ena amatsutsa mpaka lero.

Dalaivala wa thiraki: Mnzanga wa ku Ohio ndiye anandiuza, ndipo amazitsata.

Wa ku Dallas: Ine zinandionekera. Timabawuti ta mapiniwo ndinathira Loctite yofiira, guluu wolimbitsa mabawuti uja. Tsiku lomasula kanakanirira, mutu wa kabawuti n'kudyeka, ndinakalipira kwa gunsmith, wokonza mfuti, ndalama yoposa mtengo wa mapiniwo. Thirani ya buluu, kadontho kamodzi, ndipo musamange ngati tayala la minibasi.

Mayi a ku Leeds: Koma inu a ku America mumandiopsa. Kuno mfuti zotero anaziletsa mu 1988, chichitikire zoopsa za ku Hungerford zija, pamene munthu wina anawombera n'kupha anthu ambiri. Munapitira ntchito kapena nkhondo? Mayi anu akudziwa?

Mjoni: Kuno ku Joni ukangoimva usiku umazimitsa nyali n'kugona pansi. Sitifunsa za mapini ife.

Mayi a ku Leeds: Mwandikumbutsa agogo ku Ntchisi, ankagona m'chilindo ndi gogodela wawo kulondera chimanga. Nguluwe ikaphedwa mudzi wonse unkanunkhira. Ha, kwathu! Chaka chino mpaka ndipite.

Wa pafamu ku Texas: A Mmisiri, papaketi alemba .154, ndi yomweyo?

Malume a ku South Bend: Maliro a kwa anzathu aja enanu simunasonkhe. Mayina ndili nawo.

Mjoni: Malume mwayamba.

Mmisiri wa ku Houston: Ndi saizi ya mfuti zambiri imeneyo. Koma mfuti zina zakale za kampani ya Colt zili ndi mabowo aakulu, a .170, ndiye werengani dzina pambalipo. Potulutsa pini ya hammer gwirani hammer ndi chala, ili ndi mphamvu. Mukatha yesani yopanda zipolopolo: pa safe isagwe, mukatsegula igwe, koma muiwakhe ndi chala isamenye aluminiyamu. Chikakukayikitsani pitani nayo kwa gunsmith, bwana alipire.

Wa pafamu ku Texas: Ndatsegula. Miyendo ya sipuling'i ili pansi pa pini ndithu! Ndiye ndingoikonza, kapena ndiikebe atsopanowa?

Dalaivala wa thiraki: Alipo akupita ku Lilongwe mwezi uno? Ndili ndi kafoni ka mayi.

Mayi a ku Leeds: Wobwerako anditengereko usipa ndi ufa wa mgaiwa chonde.